Chikondi cha osiyana misinkhu kuchoka m'buku kupita pa TV: mafunso ndi mayankho

Tsamba lino likuyankha mafunso amene owerenga mabuku achikondi ndi oonera masewero a pa wailesi ya kanema amafunsa kawirikawiri pa nkhani zimene mmodzi mwa okondanawo ndi wamkulu kwambiri kuposa mnzake. Zitsanzo zambiri ndi za ku Britain ndi ku America, komwe ntchito yosandutsa mabuku kukhala masewero inakhazikika kalekale, koma za ku Turkey ndi ku South Korea zilimonso.

Kodi okondana asiyane zaka zingati kuti nkhani ilowe m'gulu limeneli?

Palibe lamulo. Ogulitsa mabuku ndi owerenga amayamba kuiona choncho kusiyanako kukafika zaka 10 kapena kuposerapo. M'buku la Emma, lolembedwa ndi Jane Austen ndi kusindikizidwa mu 1815, Knightley amaposa Emma ndi zaka 16. Mu Sense and Sensibility (1811) Marianne ali pafupi kukwanitsa zaka 17 pamene Colonel Brandon ali ndi 35. Jane Eyre, wa m'buku la Charlotte Brontë la 1847, ndi mtsikana wa zaka 18 ndipo Rochester amamuposa ndi zaka pafupifupi 20. Mu Little Dorrit ya Charles Dickens, Amy ali ndi 22 ndipo Arthur Clennam ali ndi 40.

Koma nambala payokha sinena zambiri. Munthu wa zaka 45 akakwatirana ndi wa 63 palibe amene amatembenuka. Chimene chimayendetsa nkhani zoterezi ndi mphamvu: nyumba ndi ya ndani, amalipira mnzake ndani, angachoke mawa osagona ndi njala ndani. Rochester si wamkulu chabe kwa Jane, ndi bwana wake, amene amamulipira mapaundi 30 pachaka pophunzitsa mwana wa m'nyumba mwake. Wolemba sewero amene wangoona zaka, osaona mapaundi 30 amenewo, sanalimvetse bukulo.

N'chifukwa chiyani chikondi chimene chinandikomera m'buku chikundimvetsa manyazi pa TV?

Buku limakulowetsani m'mutu mwa munthu, pamene kamera imaima kunja. Jane Eyre komanso Rebecca (Daphne du Maurier, 1938) ndi nkhani zosimbidwa ndi mtsikanayo mwini wake. Mukamawerenga, mwamunayo mumamuona ndi maso a munthu amene wamukonda kale: liwu lake, nzeru zake, chinsinsi chimene akubisa. Zaka zake zimatchulidwa patsamba limodzi, kenako mumaziiwala kwa masamba 200. Pa TV simungaziiwale. Imvi, makwinya ndi kayendedwe ka bamboyo zili pamaso panu nthawi yonse, ndipo pambali pake pali nkhope yosalala ya mtsikana.

Palinso vuto lina lobisika. M'buku, mtsikanayo akakhala chete amakhala akuganiza: akutsutsa, akumuseka mwamunayo mumtima, akuyesa mawu ake pasikelo. Ukachotsa maganizowo, chotsala pa sikirini ndi bambo wamkulu akulankhula, mtsikana atangoti kukamwa yasa. Ena amayesa kukonza zimenezi poika mawu a wosimba nkhani pamwamba pa zithunzi, koma mawuwo akachuluka oonera amatopa nawo, chifukwa akuuzidwa zimene anayenera kuona okha. Olemba aluso amasandutsa maganizo kukhala zochita. Mtsikanayo ayankhe mwachindunji, atuluke m'chipinda asanaloledwe, akane mphatso. Jane kukana ndolo ndi madiresi odula amene Rochester akufuna kumuveka ndi nkhani ya masamba ochepa m'buku, koma pa TV ndi malo amene woonera amadziwira kuti mtsikanayu sagulidwa. Sewero limene ladula malo amenewo pofuna kusunga nthawi lataya msana wa mpangankhani wamkulu.

Ndiye okonza masewero amachita nako chiyani kusiyana kwa zakako?

Njira zodziwika zilipo zitatu, ndipo nthawi zambiri amaziphatikiza.

Yoyamba ndi kumuonjezera zaka wamng'onoyo. M'buku la Winston Graham la 1945, Ross Poldark amakumana ndi Demelza ali mtsikana wa zaka 13, amamulemba ntchito ya kukhitchini, n'kudzamukwatira ali ndi 17. Pamene BBC inayamba kuonetsa Poldark mu 2015, wolemba seweroli Debbie Horsfield anamukulitsa Demelza, ndipo mbali yake inatengedwa ndi Eleanor Tomlinson, yemwe anali atapitirira zaka 20. Zoterezi zinachitikanso ndi The Idea of You. M'buku la Robinne Lee la 2017 mayiyo ali ndi zaka 39 ndipo mnyamata woimbayo ali ndi 20. Mufilimu imene Prime Video inatulutsa mu 2024 mayiyo ali ndi 40, mnyamatayo 24, ndipo mwana wamkazi wa mayiyo anamukweza kuchoka pa zaka 12 kufika pa 16.

Yachiwiri ndi yochenjera: zaka za m'nkhani amazisiya momwe zilili, koma amasankha atengambali oyandikana misinkhu. Mu Emma ya BBC ya 2009, Jonny Lee Miller amaposa Romola Garai ndi zaka 10, osati 16. Mu Jane Eyre ya 2006, Toby Stephens amaposa Ruth Wilson ndi 13, osati 20. Mu Little Dorrit ya 2008, Matthew Macfadyen ndi Claire Foy amasiyana zaka 10 m'malo mwa 18. Khutu limamva nambala ya m'buku, diso likuona ina.

Yachitatu ndi kukusiya poyera, mwinanso kukukulitsa. Mu Rebecca imene ITV inaonetsa mu 1997, Charles Dance amaposa Emilia Fox ndi zaka 28, pamene m'buku Maxim de Winter ali ndi 42 ndipo mkazi wake watsopano wangopitirira pang'ono 20. Njira imeneyi imafuna kulimba mtima, koma ndi imene imasunga nkhani yonse.

Chimalakwika n'chiyani kusiyanako kukachotsedwa?

Chitsanzo chomveka ndi Rebecca ya Netflix ya 2020. Armie Hammer ndi Lily James amasiyana zaka zosakwana 3. Nkhani ya du Maurier imaima pa mantha a mtsikana wosauka, wamasiye, wokwatiwa ndi bambo wolemera amene amamulankhula ngati mwana, m'nyumba imene antchito amadziwa zambiri kuposa iye. M'buku, mtsikanayo akaswa kachidole kadothi kokongoletsa nyumba amabisa zidutswa zake mudilowa poopa woyang'anira nyumba, ngakhale kuti mwini nyumbayo tsopano ndi iye. Ukaika anthu awiri amsinkhu umodzi, okongola mofanana, woonera amadabwa: akuopa chiyani mayiyu, bwanji osangomufunsa mwamuna wake? Openda mafilimu ambiri anadandaula pa mfundo yomweyi.

Choncho kuchepetsa zaka sikungokonza chithunzi. Kumachotsa chifukwa chimene anthu a m'nkhanimo akuchitira zimene akuchita. Wolemba amene wachepetsa zaka ayenera kupeza gwero lina la kusalingana, kaya ndi chuma, udindo kapena maphunziro, n'kulikulitsa. Akapanda kutero walemba m'madzi.

Nanga nkhani zimene awiriwo anadziwana mmodzi adakali mwana?

Apa ndiye povuta kwambiri, ndipo mpoyenera kulankhula mosapsatira. The Thorn Birds, buku la Colleen McCullough la 1977, limasimba za wansembe Ralph de Bricassart amene amakumana ndi Meggie Cleary ali kamtsikana ka zaka pafupifupi 10, iye akumuposa ndi zaka pafupifupi 18. ABC inaonetsa seweroli m'magawo 4 mu March 1983, ndipo mwa masewero amagawo ochepa a nthawi imeneyo ku America, loposa ilo pa chiwerengero cha oonera linali Roots lokha. Okonza anagwiritsa ntchito atengambali awiri: Sydney Penny ngati Meggie wamng'ono, ndi Rachel Ward ngati Meggie wamkulu. M'zigawo za ubwana wansembeyo amaonetsedwa ngati mlezi basi. Kenako nthawi imadumphidwa, nkhope yatsopano n'kulowa. Kusintha nkhopeko kumathandiza woonera kuona ngati ndi munthu wina. Richard Chamberlain, amene anatenga mbali ya wansembeyo, ndi yemweyo kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndipo oonera ambiri a masiku ano amaliona seweroli ndi diso lina kusiyana ndi a 1983: munthu amene analera mwana n'kudzamufuna atakula.

Malamulo nawonso amamanga manja. Ku England ndi ku Wales, Protection of Children Act ya 1978, imene inakonzedwanso mu 2003 kuti iteteze aliyense wosakwana zaka 18, imaletsa kujambula zithunzi zolaula za ana. Mwana wochita sewero amafunika chilolezo cha khonsolo ya dera lake, womuperekeza wovomerezeka, ndi maola owerengeka a ntchito patsiku. N'chifukwa chake mbali za atsikana a zaka 16 kapena 17 zimapatsidwa kwa akuluakulu. Charity Wakefield anali ndi zaka 27 pamene BBC inkaonetsa Sense and Sensibility ya 2008, mmene iye anali Marianne.

Kuteteza ana ochita sewero n'koyenera, koma kuli ndi zotsatira zake: woonera saonanso mmene mtsikana wa zaka 16 amaonekera ubwana. Pretty Little Liars, yochokera m'mabuku a Sara Shepard ndipo inaonetsedwa kuyambira 2010 mpaka 2017, ili ndi Aria, wophunzira wa zaka 16 amene ali paubwenzi ndi mphunzitsi wake Ezra. Lucy Hale, amene anatenga mbali ya Aria, anali ndi zaka 20 seweroli likuyamba. M'mabuku ubwenziwo sunapite patali. Pa TV unatha ndi ukwati. Kwa ife, kumeneku ndi kulakwitsa kwakukulu kumene sewero lochokera m'buku lingachite: kutenga chinthu chimene chili mlandu n'kuchiveka nyimbo zokoma.

Buku limayenda bwanji kuti lifike pa TV?

Choyamba amafufuza mwini ufulu wa bukulo. Ku Britain ufulu wa wolemba umatha pakapita zaka 70 iye atamwalira. Austen anamwalira mu 1817 ndipo Charlotte Brontë mu 1855, kotero mabuku awo aliyense angawatenge osalipira. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene BBC ndi ITV zimabwererabwerera kwa iwo. Du Maurier anamwalira mu 1989, ndiye wofuna Rebecca ayenera kukambirana ndi osunga chuma chake.

Buku limene lili ndi mwini saligula nthawi yomweyo. Kampani imayamba yalipira ndalama yochepa, kawirikawiri ngati gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo wonse, kuti ilisungitse kwa miyezi 12 kapena 18 wina asalitenge. Nthawiyo ingathe kuonjezeredwa polipiranso. M'miyezi imeneyi amalemba ntchito wolemba sewero kuti akonze chidule cha nkhani yonse, kufotokoza ampangankhani mmodzimmodzi, ndi kulemba gawo loyamba lathunthu. Mapepala amenewa ndiwo amakagogoda nawo ku wailesi kapena ku makampani ngati Netflix. Ndalama zikapanda kupezeka nthawi n'kutha, ufulu umabwerera kwa mwini buku. Mabuku ambiri osungitsidwa motere amathera pomwepa, ndiye mukamva kuti buku lakutilakuti «lagulidwa», musayambe kukonzekera chimanga chokazinga.

Wailesi ikavomera, pamabwera kusankha atengambali. Pa nkhani zachikondi sawayesa payekhapayekha basi. Otsala awiri kapena atatu pa mbali iliyonse amawaika awiriawiri pamaso pa kamera kuti awerenge chigawo chimodzi, n'kuona ngati magazi awo akugwirizana. Pa nkhani ya osiyana misinkhu amayang'ananso china: kodi akuoneka ngati okondana, kapena ngati bambo ndi mwana wake? Zimenezi sizidziwika papepala.

Kujambula sikutsata dongosolo la nkhani. Amajambula malo ndi malo: zonse zochitikira m'nyumba imodzi amazimaliza asanasamuke, kotero kupsompsonana kwa gawo lomaliza kungajambulidwe sabata yoyamba, anthuwo asanazolowerane. Sewero la pa TV limajambula masamba pafupifupi 5 mpaka 8 patsiku. Pomaliza ndi kulumikiza zithunzi, kuika nyimbo, ndi kupereka kwa oona za malamulo a wailesiyo.

Buku limodzi lingatulutse magawo angati?

Owerengera amati tsamba limodzi la sewero ndi mphindi imodzi pa sikirini. Ola la pa BBC, kopanda malonda, limakhala ndi mphindi pafupifupi 58. La pa mawailesi amalonda a ku America limakhala ndi 42 mpaka 44. Buku lachikondi lapakatikati lili ndi zochitika zokwana maola 3 kapena 4, chifukwa masamba ambiri ndi maganizo ndi kufotokoza malo. N'chifukwa chake Sense and Sensibility ya 2008 ili ndi magawo 3, Jane Eyre ya 2006 ndi Emma ya 2009 zili ndi 4 iliyonse. Jane Eyre ya 1983, ya Timothy Dalton ndi Zelah Clarke, inatenga magawo 11 a theka la ola, ndipo okonda bukulo amaiyamikira poti inasunga zokambirana zambiri za awiriwo.

Mavuto amayamba wailesi ikafuna zambiri kuposa zimene buku lili nazo. Aşk-ı Memnu, buku la Halit Ziya Uşaklıgil la cha m'ma 1900, limasimba za Bihter, mtsikana amene akwatiwa ndi Adnan, bambo wolemera wamasiye womuposa kwambiri, kenako n'kugwa m'chikondi ndi wachibale wachinyamata wa mwamuna wakeyo. Wailesi ya boma la Turkey, TRT, inalionetsa mu 1975 m'magawo ochepa. Kanal D italitenganso kuyambira 2008 mpaka 2010 inalisamutsira ku Istanbul wamakono n'kulitambasula kufika magawo 79, lililonse lopitirira ola. Zinatheka chifukwa chinsinsi cha chigololo m'nyumba imodzi chimatha kusungidwa nthawi yaitali: gawo lililonse wina amatsala pang'ono kudziwa. Wailesi ya kanema ya ku America ya Telemundo inalipanganso m'Chisipanishi mu 2013 pa dzina loti Pasión prohibida.

Nkhani imene ilibe chinsinsi chotere ikatambasulidwa imaphwa. Okondanawo akangogwirizana, chopinga chatha, ndipo olemba amayamba kutola zopinga zapanjira: chibwenzi chakale chotulukira mwadzidzidzi, ngozi ya galimoto, kalata yobisidwa. Pofika sizoni yachitatu palibenso amene akukumbukira kuti nkhaniyi inali ya kusiyana misinkhu.

Kodi zimasintha wamkulu akakhala mkazi?

Kwambiri. Mwamuna wamkulu m'nkhani zimenezi amaloledwa kukhala ndi imvi zake ndi chuma chake, mapeto n'kukhala ukwati. Mkazi wamkulu nthawi zambiri amayenera kubisa, kulipira, kapena kumasula mnyamatayo.

Younger, yochokera m'buku la Pamela Redmond Satran la 2005, inayamba pa TV Land mu 2015 n'kutha mu 2021 itakwanitsa masizoni 7. Liza, mayi wa zaka 40, amanama kuti ali ndi 26 kuti apeze ntchito pakampani yosindikiza mabuku, n'kupezanso chibwenzi chamsinkhu wabodzawo. Taonani kuti chikondicho chinayambira pa kubisa zaka. Kuti nkhani ipitirire, olemba anaikamo Charles, bwana wamsinkhu wake, kuti apikisane ndi mnyamatayo, komanso anadzutsa funso limene silisowa m'nkhani za mkazi wamkulu: nanga mnyamatayu akadzafuna mwana?

Sewero limene linaigwira bwino nkhaniyi ndi Secret Love Affair, limene JTBC ya ku South Korea inaonetsa mu 2014 m'magawo 16. Linachokera m'buku la ku Japan la Kaori Ekuni lotchedwa Tokyo Tower. Mayi wa zaka 40, wokwatiwa, waudindo pabungwe la zaluso la banja lolemera, akondana ndi mnyamata wosauka wa zaka 20 waluso pa piyano. Kim Hee-ae ndi Yoo Ah-in amasiyanadi zaka 19, ndipo wotsogolera Ahn Pan-seok sanayese kubisa. Chinanso chanzeru: m'malo moonetsa thupi, anaonetsa awiriwo akuimba piyano imodzi limodzi kwa mphindi zingapo, kamera ili pa manja ndi pa kapumidwe kawo. Seweroli linasamutsanso phata la nkhani. Mayiyo akuoneka wamphamvu kwa mnyamatayo, koma kwa mabwana ake ndi wantchito wotumidwa zauve, ndipo chikondicho ndicho chimamutsegula maso.

Zigawo za kuchipinda amazijambula bwanji?

Kale wotsogolera ankangouza awiriwo kuti achite zimene akuona. Zinasintha kuyambira 2018, pamene wailesi ya kanema ya ku America ya HBO, itayesa pa sewero la The Deuce, inalamula kuti masewero ake onse okhala ndi zigawo zotere azikhala ndi katswiri woyang'anira zimenezi, amene m'makampanimo amamutchula kuti intimacy coordinator. Ita O'Brien, amene anagwira ntchitoyi pa Normal People mu 2020, ndi mmodzi mwa odziwika.

Dongosolo lake lili motere. Mtengambali amasainira pepala lonena mbali za thupi zimene zingaoneke ndi zochita zimene wavomera. Malamulo a bungwe la atengambali la ku America, SAG-AFTRA, amati pepalalo alilandire maola 48 tsiku lojambula lisanafike. Kenako chigawocho amachikonza ngati gule: dzanja ili lipita apa, kwa masekondi akuti, kenako mutu utembenuka. Amayeserera atavala. Pojambula amavala tizovala tamtundu wa khungu ndipo pakati pawo amaika kansalu kokhuthala. M'chipindamo mumatsala anthu ofunikira okha, masikirini oonera akunja amazimitsidwa, ndipo kamera ikangoima wina amabwera ndi mkanjo.

Pa nkhani za osiyana misinkhu zimenezi n'zofunika kawiri, chifukwa kusalingana kwa m'nkhani kumapezekanso pamalo ojambulira. Wamkuluyo nthawi zambiri ndi katswiri wa dzina amene wabweretsa ndalama za seweroli, wamng'onoyo mwina ndi ntchito yake yoyamba. Munthu wotere savutika kuvomera; amavutika kukana. Woyang'anirayo amakana m'malo mwake.

Nkhani ikatenga zaka zambiri, atengambali amawakalambitsa bwanji?

Kukalambitsa pang'ono amagwiritsa ntchito mphira wamadzimadzi: amakoka khungu, n'kupaka, n'kuumitsa ndi choumitsira tsitsi, n'kuthira paudala, khungulo likamasulidwa limachita makwinya. Amabwereza kawiri kapena katatu. Kukalambitsa kwambiri kumafuna zidutswa za silikoni zoumbidwa pa chikombole cha nkhope ya mtengambaliyo, zomata m'masaya, m'khosi ndi pansi pa maso, pamodzi ndi wigi ya imvi. Ntchito imeneyi imadya maola angapo m'mawa uliwonse, ndipo maolawo amachotsedwa pa nthawi yojambula.

Zimene zimaulula bodza ndi manja, khosi ndi kayendedwe. Nkhope ya zaka 60 pathupi lodumpha masitepe awiriawiri sinamiza aliyense. Makamera amakono amaonetsanso m'mphepete mwa zomatazo ngati sizinasalazidwe bwino. The Thorn Birds inali ndi vuto lapadera poti nkhani yake pa TV imatenga zaka pafupifupi 40: Chamberlain, yemwe ankayandikira zaka 50, anayenera kuyamba ngati wansembe wachinyamata, pamene Ward wa zaka 25 anayenera kumaliza ngati mayi wa ana akuluakulu.

N'chifukwa chiyani mapeto amasintha?

Woonera amene wataya maola 10 kapena 16 amafuna malipiro, ndipo makampani amadziwa kuti sewero lotha mosangalatsa anthu amalibwereza. Buku la The Idea of You limatha awiriwo atasiyana, mayiyo atasankha mtendere wa mwana wake; filimu inaonjezera kukumananso patapita zaka 5. Kudumpha nthawi kotere kumagwira ntchito ziwiri: kumapereka chiyembekezo, komanso kumamukulitsa wamng'onoyo kuti oonera asadandaule.

Kodi wolemba buku amakhala ndi mawu pa zosinthazi?

Kawirikawiri ayi. Mapangano ambiri amamupatsa ufulu wofunsidwa maganizo, osati woletsa. Dzina lake likhoza kulembedwa pakati pa okonza seweroli popanda iye kulemba mzere ndi umodzi womwe. Colleen McCullough sanabise kuti sanasangalale ndi The Thorn Birds ya 1983, nkhani ya ku Australia imene inajambulidwa ku California ndi ku Hawaii. Wolemba amene akufuna kuti zaka za ampangankhani ake zisasinthidwe ayenera kulembetsa zimenezo m'pangano asanasaine.

Kodi masewerowa sakulimbikitsa zidyamakanda?

Ena amatero, ena ayi, ndipo pali njira zosiyanitsira. Yang'anani ngati wamng'onoyo ali ndi khomo lotulukira. Jane atadziwa kuti Rochester ali ndi mkazi amachoka wopanda kanthu, ndipo amabwerera pokhapokha atalandira chuma cha mapaundi 20,000 cha m'bale wa bambo ake, chimene amagawana ndi asuweni ake. Pobwerera sakufunanso malipiro a munthu. Yang'ananinso ngati nkhaniyo ikuonetsa mtengo wake. Mu Middlemarch ya George Eliot, imene BBC inaonetsa mu 1994, Dorothea amakwatiwa ndi Casaubon, wophunzira womuposa ndi zaka zopitirira 20, poganiza kuti akapeza nzeru. Amakapeza nsanje ndi nyumba yozizira. Bihter wa Aşk-ı Memnu analowa m'banja chifukwa cha chuma ndi kufuna kuposa mayi ake, ndipo seweroli silimunamiza woonera kuti zinamuyendera.

Mvetseraninso anthu otsutsa. Ngati mayi, mlongo kapena mnzake amene akuchenjeza amaonetsedwa ngati wansanje kapena chitsiru nthawi zonse, seweroli lasankha mbali. Nyimbo nazo zimaulula: pamene bambo wamkulu akuletsa mtsikana kuonana ndi anzake, kodi ikulira ndi nyimbo yachikondi kapena yoopsa?

Ndipo pali malire amene si a maganizo a munthu. Ku Malawi, lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziwerengedwa kuti ndi mwana. Nkhani ya munthu wamkulu ndi mwana wasukulu si yachikondi, ngakhale mtengambali wake akhale wa zaka 25.

Ana angaonere?

Onani chizindikiro cha msinkhu. Masewero a ku America amalembedwa TV-14 (osayenera ana osakwana zaka 14) kapena TV-MA (a akuluakulu okha). Pa DStv ndi GOtv mumaona 13, 16 kapena 18 pamodzi ndi zilembo monga S, N, L ndi V, zoimira zogonana, umaliseche, mawu otukwana ndi chiwawa. Madikoda amenewa ali ndi malo oikira nambala yachinsinsi yotsekera mapulogalamu opitirira msinkhu umene mwasankha, ndipo Netflix imalola kutsegulira ana mbali yawoyawo. Ku Britain mawailesi saloledwa kuonetsa zosayenera ana nthawi isanakwane 9 koloko usiku.

Koma zizindikirozi zimayeza khungu looneka ndi mawu omveka, siziyeza ubale. Pretty Little Liars inali TV-14. Sewero lopanda umaliseche n'kamodzi komwe likhoza kuphunzitsa mtsikana wa fomu 2 kuti kufunidwa ndi mphunzitsi ndi mwayi, ndiye gawo loyamba muonere nokha kaye.

Ndikufuna kupanga sewero lotere kuno kwathu. Ndiyambire pati?

Ngati buku lili ndi mwini, pezani chilolezo cholembedwa kuchokera kwa wolemba kapena wosindikiza, chonena nthawi, malipiro, ndi zimene mwaloledwa kusintha. Bungwe la COSOMA lingakuunikireni za ufulu wa eni ntchito zaluso, kuphatikizapo nyimbo zimene mudzaikemo. Ampangankhani onse awiri akhale opitirira zaka 18 nkhani ikuyamba, ndipo zimenezo zinenedwe m'gawo loyamba. Lembani magawo onse musanajambule ngakhale limodzi, ndipo muchepetse malo: nyumba imodzi, ofesi imodzi ndi msika zimakwana magawo 6 a theka la ola.

Mukatenga buku lakale lakunja limene ufulu wake unatha, musangosintha mayina. Nkhani za Austen ndi Brontë zimadalira dongosolo limene mkazi amasamukira m'nyumba ya mwamuna ndipo chuma chimatsata amuna. Ikani nkhani yomweyo m'mudzi wa chikamwini ku Dedza kapena ku Ntcheu, muona kuti bambo wolemera wa zaka 45 ndiye mlendo, munda ndi wa kuchikazi, ndipo mawu omaliza pa ana ali ndi malume. Ikani ku Mzimba, kumene malowolo amaperekedwa ndipo mkazi amapita kwa mwamuna, mphamvu zisinthanso mbali. M'malo onse awiri mudzafunika ankhoswe, amene m'mabuku a ku England mulibe, ndipo chigawo chimene ankhoswe a mtsikanayo akufunsa bamboyo za mkazi wake woyamba ndi ana ake chiyenera kulembedwa chatsopano kuyambira mzere woyamba.